KODI MLUZA UMADYA CHIANI?

Mau amene Mlangizi wa Zaulimi wa ku Bowe, m'boma la Dowa, anakamba pa wailesi kwa alimi ndi mafumu.

 

Nkhani ya lero sindinaisankhe ndine. Inachokera kwa nyakwawa ina yachikulire pa msonkhano wa alimi umene tinali nao kuno ku Bowe. Tinali kukambirana za kasungidwe ka soya, ndipo titatha agogowo anandiitana nati, "Alangizi, inu munapita kusukulu. Ndamva kuti kunjaku madotolo amaumba mwana m'botolo. Zoti amatero sindikutsutsa, dziko lapita patali. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: mwanayo m'botolomo amadya chiani?" Amene anali pafupi anaseka. Ine sindinaseke ai, pakuti yankho ndinalibe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa anzathu a chipatala ndi kuwerenga, ndipo ndaona kuti funso la mfumuyo likhudza munda wa ali yense wa ife.

Ndiyambe ndapepesa. Zina mwa zimene nditi ndikambe ndi za anamkungwi, ndipo kwa ambiri a inu ine ndine mwana. Ndiyesa kuzinena mwaulemu, koma pamene lilime laterereka mundikhululukire.

Tiyeni tiyambe ndi chimene mlimi ali yense amachidziwa. Thadzi likafungatira mazira limakhalapo masiku 21. Masiku onsewo palibe amene amathira madeya kapena madzi m'kati mwa dzira. Komabe tsiku loswa likafika, m'chigobamo mumatuluka kanthu kokhala ndi mafupa, mnofu, magazi ndi nthenga. Zonsezo zachokera kuti? Mukaswa dzira m'mbale, yang'anitsitsani pamwamba pa chachikasu chija, mudzaona kadontho koyera. Pamenepo ndipo pali mluza, ndipo ndiwo umene umasanduka mwanapiye. Zina zonse za m'dziramo ndi kamba wache. Chachikasu chiri ndi mafuta ambiri, ndipo zoyera zija ndi madzi osakanizika ndi chakudya chomanga thupi, chimene ophunzira amati puloteni. Thadzi linalongedzeratu kamba wa ulendo wonse lisanaikire.

Kwa munthu, monganso kwa ng'ombe ndi mbuzi, nkhani ndi yosiyana. Dzira la mai ndi laling'ono zedi. Inu alimi a fodya mumadziwa kuchepa kwa kanjere kamene timafesa pa nazale. Tsono kanjere kameneko ndi kakakulu kangapo kuposa dzira la munthu. Dzira lotere silingasenze kamba wa miyezi 9. Limakumana ndi mbeu ya bambo m'kanjira kopapatiza kotsikira ku chiberekero, ndipo pomwepo mluza umayamba kugawikana, pawiri, panai, n'kumapitirira. Umayenda m'kanjirako masiku atatu kapena anai, ndipo pakatha pafupifupi sabata umakamatirira ku chiberekero. Masiku onsewa uli kusambira m'timadzi timene thupi la mai limatulutsa, ndipo chakudya chache chiri m'timadzi tomweto. Pamenepo n'kuti mai mwini asanadziwe n'komwe kuti waima.

Nanga kanjira kaja kakatsekeka? Mai ali bwino, bambo ali bwino, koma dzira ndi mbeu sizingakumane. Ndilo bvuto limene anali nalo mai wina wa ku England, Lesley Brown, amene anakhala zaka 9 pa banja wopanda mwana. Dotolo Patrick Steptoe, katswiri Robert Edwards ndi namwino Jean Purdy anatenga dzira m'thupi mwache, nalikumanitsa ndi mbeu ya mwamuna wache kunja kwa thupi, ndipo mluza utayamba kugawikana anaubwezera m'chiberekero. Pa 25 July 1978 mwana wao Louise anabadwa m'tauni ya Oldham. Ku South Africa mwana woyamba wotere anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town, ndipo pofika 2018 ana obadwa mwa njira imeneyi pa dziko lonse anali ataposa 8 miliyoni.

Tsono agogo aja ndiwakonze pang'ono. Si botolo ai, ndipo mwana sakuliramo. Ndi kambale kakang'ono kokwana pa chikhato, ndipo mluza umakhalamo masiku atatu kufikira asanu okha, m'bokosi lofunda madigiri 37, monga mumafundira m'thupi la munthu. Miyezi yonse yotsalayo mwana amakulira m'mimba mwa amache monga ana onse. Koma funso lao linali loona ndithu: masiku asanu amenewo mluza uyenera kudya, ndipo amache palibe.

Madotolo anayenera kupanga timadzi tofanana ndi ta m'thupi la mai. Amatenga madzi oyeretsedwa koposa, amaikamo michere yosiyanasiyana, mitundu ya shuga, ndi tizidutswa timene thupi limamangira puloteni. Pamwamba pa izi amaonjezerapo puloteni yeniyeni. Kumene amaitenga ndidzakusonyezani ndi chinthu cha pakhomo. Mukapha mbuzi ndi kulandira magazi m'mbale kuti muphike uwende, mukawasiya kanthawi amaundana, ndipo pambali pamatuluka timadzi tachikasu. M'timadzi timeneto muli puloteni yambiri, ndipo yochuluka koposa zonse dzina lache ndi albumin. Dzinali linachokera ku liu la Chilatini lotanthauza kuyera, lomwenso amaitanira zoyera za dzira, ngakhale kuti puloteni ziwirizi siziri chimodzimodzi. M'zaka zoyamba madotolo ambiri anali kutenga magazi pang'ono a mai mwini wache, kapena a anthu ena, n'kutengamo timadzi tachikasu tija ndi kuthira m'kambale ka mluza.

Nchito ya albumin m'kambalemo ndi yodabwitsa. Iri ngati ngolo, pakuti imasenza mafuta ndi zina zofunika n'kuzifikitsa kwa mluza. Imagwiranso zoipa: ngati m'madzimo mwalowa kachiphe kochokera ku mbale kapena ku zitsulo, albumin imakakumbatira kuti kasapweteke mluza. Ndipo pali nchito ina imene inandiseketsa pamene ndinaimva. Popanda puloteni mluza umamatirira ku mbale ngati mbalame pa ulimbo, ndipo pofuna kuutola ndi kachubu ungaonongeke kapena kutayika. Albumin imautereretsa ngati therere. Muyeso umene amaika kawirikawiri ndi magalamu 5 pa lita imodzi, pamene m'madzi a m'magazi a munthu wathanzi mumakhala magalamu 35 kufikira 50 pa lita.

Nzeru imeneyi sanaipeze popanda misozi. Mu 1988, mumzinda wa Rotterdam ku Holland, timadzi tolerera miluza tinasakanizidwa ndi madzi a m'magazi a anthu angapo, ndipo mwa iwo munali kachirombo ka nthenda ya chiwindi, imene amati hepatitis B. Amai makumi angapo amene anabwera kudzafuna ana anabwerera kwao ndi nthendayo. Chifukwa cha zoopsa zotere, zipatala zambiri zinaleka kuthira timadzi ta magazi tosayenga. Zinayamba kugwiritsa nchito albumin yoyengedwa payokha, yochokera ku magazi oyezedwa bwino, yotenthetsedwa pa madigiri 60 kwa maola 10 kuti tizirombo tife. Ndipo akatswiri ena anapeza njira yopangitsa albumin ya munthu ndi isiti, mtundu wa ija yotupitsira mkate, kotero kuti magazi a munthu safunikanso.

Phunziro lina linachokera ku khola, ndipo ili ndi lathu alimi. Miluza ya ng'ombe ndi nkhosa nayonso amailera m'timbale, pofuna kuchulukitsa ziweto za mtundu wabwino. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Australia ndi ku Scotland anaona kuti ana ena a nkhosa ndi ng'ombe oleredwa motero anali kubadwa akuluakulu mopitirira muyeso, kotero kuti amao anali kubvutika pobereka, ndipo ena anali kufa. Pofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zochititsa ndi timadzi ta magazi tija timene anathira m'kambale. Taonani: chimene mluza unadya m'sabata yache yoyamba, uli wosaoneka ndi maso, chinakaonekera pa tsiku lobadwa, patapita miyezi. Ndiponso kuchulutsa chakudya chabwino si ubwino nthawi zonse. Amene anathirapo feteleza wambiri pa nazale amadziwa chimene ndikunena.

Mwina wina ali kunena mumtima kuti, "Alangizi, izi ndi za ku Ulaya ndi za anthu a ndalama. Ife a kumudzi zitikhudza bwanji?" N'zoona, chithandizo chimenechi ndi chokwera mtengo, ndipo sindikuuza munthu kuti agulitse ng'ombe zache mawa. Koma zitikhudza motere. Albumin imene madotolo amaigula ndi ndalama zambiri, mai ali yense wa pano pa Bowe amaipanga yekha tsiku ndi tsiku m'chiwindi mwache. Chiwindi sichiipanga ndi mphepo. Chimaipanga ndi zimene maiyo wadya. Timadzi timene mluza umasambiramo, magazi amene pambuyo pache amadyetsa mwana kudzera mu mchombo, ndi mkaka wa m'mawere, zonsezi gwero lache ndi mbale ya ndiwo. Ndipo mbale ya ndiwo siichokera kwa dotolo. Ichokera kwa inu ndi ine.

Nsima ndi chakudya chabwino, imapatsa mphamvu, koma puloteni iri nayo pang'ono. Pa magalamu 100 a chimanga muli magalamu pafupifupi 9 a puloteni, ndipo ufa woyera uli ndi yocheperapo, popeza yina inapita ndi madeya. Pa magalamu 100 a nyemba zouma muli oposa 20, pa mtedza pafupifupi 25, ndipo pa soya muli pafupifupi 40. Dzira limodzi liri ndi magalamu 6, ndipo puloteni yache ndi ya mtundu wabwino koposa. Usipa, matemba, mkaka, ngumbi ndi mbewa zonse ndi zomanga thupi. Palibe chachilendo pa zimene ndawerengazi.

Tsono nanga bwanji ana athu ali opinimbira? Kafukufuku wa Boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu anali aafupi kuposa msinkhu wao. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma olima soya ndi mtedza wambiri. Malole amene amadutsa pa Mponela nyengo yokolola mumawaona nokha. Puloteni timalima, koma imakwera lole.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Chaka china ndinalimbikitsa kalabu yina kuti alimi asonkhanitse soya wao yense ndi kugulitsa pamodzi, kuti apeze mtengo wabwino. Anandimvera, mtengo unali wabwino, ndipo ine ndinalemba lipoti lokoma. Mmodzi wa alimiwo anagula malata. Mwezi wa January ndinapita kukaona munda wache, ndipo ndinapeza akunyumba kwache ali ndi pakati pakulu, akudya nsima ndi chisoso chopanda n'tomato yemwe. Mwana anabadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka, nakhala masiku ambiri kuchipatala. Sindinena kuti njala yokha ndiyo inachititsa, pakuti malungo naonso amachepetsa mwana m'mimba. Koma pa msonkhano uja ndinawerengera matumba, mtengo ndi ndalama ya lole, osafunsa n'kamodzi komwe kuti, "Kodi pakhomo panu pali woyembekezera?" Kuyambira pamenepo ndimafunsa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Anzathu a zaumoyo amanena za masiku 1,000 oyamba, kuyambira tsiku limene mai waima kufikira mwana atakwana zaka ziwiri. Ngati mai alandira magalamu 50 a soya pa tsiku, ndiko kunena kadzanja kamodzi, masiku 1,000 amenewo amatha makilogalamu 50. Thumba limodzi lokha! Ndipo simufunika kulisunga lonse nthawi imodzi. Pa chaka ndi makilogalamu 18, kuposa pang'ono ndowa imodzi. Kadzanja kameneko kamampatsa magalamu a puloteni ofanana ndi a mazira atatu. Mlimi amene wakolola matumba khumi sangalephere kupatula ndowa ziwiri vendala asanafike, imodzi ya mai ndi yina ya ana. Ndinena kuti asanafike, chifukwa sikelo ikangopachikidwa pa mtengo, mtima wa munthu umasintha.

Amai ambiri amati soya amanunkha, ndipo ena amati amatupitsa m'mimba. Zonse ziwiri zimachokera ku kakonzedwe. Soya wosaphika ali ndi kanthu kamene kamaletsa thupi kugaya puloteni, ndipo kanthuko kamafa ndi moto. Sankhani soya bwino, kuchotsa miyala ndi woola. Musamtsuke ndi madzi ozizira ai, pakuti ndiwo amadzutsa pfungo lija. Wiritsani madzi poyamba, ndipo ali kubwadamuka thiranimo soya pang'onopang'ono, awire theka la ola. Mukatsanula pikisani ndi manja kuti makoko achoke, yanikani aume gwa, ndi kupita naye ku chigayo. Ena amakonda kukazinga, ndipo n'zabwinonso malinga apse mpaka m'kati. Sakanizani muyeso umodzi wa soya ndi miyeso inai ya mgaiwa. Ndiwo muyeso wa Likuni Phala amene ana amalandira, ndipo palibe lamulo lakuti phala limeneli ndi la ana okha. Ufa womwewo mungatendere nao masamba monga nsinjiro. Za mtedza ndingochenjeza chimodzi: wachuku ndi wonyala uja amene mumasiya pakhomo mutagulitsa wabwino, ndiye woyenera kutaya, pakuti chuku chiri ndi chiphe choononga chiwindi.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu ndi nchembere. M'midzi yina mai wapakati amaletsedwa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ine ndaona makanda ampala amene amao sanalawepo dzira, ndipo wanga woyamba anabadwa ndi tsitsi lakuda bii, amache atadya mazira miyezi yonse. Makolo athu mwina anaika lamulo limeneli kuti nkhuku ziswane, ndipo m'nthawi yao nyama ya m'thengo inalipo yambiri. Lero kulibe. Mau a nchembere ndi amene mtsikana amamvera, osati anga, kotero ndikupemphani kuti mukambirane nokha za lamuloli.

China ndi kutupikana. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, khungu n'kusupuka, kwathu kuno timafulumira kunena kuti wasempha, ndipo bambo amaitanidwa kuti aulule kumene anayenda. Ana otere akayezedwa kuchipatala amapezeka kuti albumin yomwe ija yachepa kwambiri m'magazi mwao. Za mwambo ndisiyira inu eni ache. Pempho langa ndi lakuti mlandu uzikambidwa mwana ali kale m'manja mwa a chipatala, pakuti kutupikana sikudikira kuti bwalo lithe.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinanene, ndipo munthu asakandinamizire. Sindinanene kuti mai wapakati azimwa maufa a m'zitini amene anyamata ena amayenda nao m'misika, ati ndi puloteni yamphamvu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, m'malangizo ache a mu 2016, linati mai wosowa chakudya aonjezeredwe chakudya chopatsa mphamvu pamodzi ndi chomanga thupi mwa muyeso, ndipo silinabvomereze zopatsa amai apakati puloteni yochulukitsa. Kumbukirani nkhosa zija. Ndalama ya chitini mugulire usipa. Ndipo mai ayambe sikelo msanga, alandire mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza malungo, azigona m'neti.

Sindinanenenso kuti soya amachiza kusabereka. Kanjira kakatsekeka sikatseguka ndi phala. Bungwe lomwelo linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 ali onse amakumana ndi bvuto losowa mwana pa nthawi yina ya moyo wache. Si temberero, ndipo si la banja limodzi. Kuno ku Africa chimene chimatseka njira za amai kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe msanga, matenda olowa pobereka kapena popita padera, ndiponso likodzo. Ambiri a matenda amenewa ali ndi mankhwala ngati munthu afulumira. Ndipo pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka bvuto limakhudzanso bambo. Ichi makolo athu anachidziwa. Akadakhala kuti sanachidziwe, mwambo wa fisi sukadakhalapo. Koma fisi m'masiku ano a Edzi angalowetse maliro m'nyumba imene inali kufuna mwana.

Chotero mafumu, banja likabwera pa bwalo lanu, mwamuna ali kuti, "Ndikuchoka, mkaziyu ndi chumba," musafulumire kumasula ukwati. Afunseni ngati anapita kuchipatala onse awiri. Ayambire pa chipatala chaching'ono cha pafupi, ndipo a kumeneko adzawatumiza ku Madisi, ku Dowa kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe monga kuyenera. Kuyeza bambo n'kosabvuta ndi kosapweteka kuposa kuyeza mai, ndipo nkoyenera kuti ayambe ndiye. Amene akana kuyezedwa asaloze mnzache chala pa bwalo.

Agogo aja ndinabwerera kukawafotokozera zonsezi pakhonde pao. Anamvetsera osadula mau, ndipo nditatha anangofunsa kuti, "Nanga mazirawo adzachokera kuti, nkhuku zonse zinatha ndi chitopa?" Tsono sabata yamawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za katemera wa chitopa wodonthezera m'diso, kumene mungampeze, ndi m'mene mudzi ungagwirizanire kuti nkhuku zonse zilandire tsiku limodzi.